Kamutu ka sitima ka dizilo kayamba kuvuta mutakakongoletsa: poyambira kufufuza

Okonda tisitima tating'onoting'ono tofanizira sitima zenizeni, toyendera magetsi a panjanji, kuno ku Mangochi tilipo ochepa, koma dandaulo lomwe limandipeza ndi limodzimodzi. Kamutu kankayenda bwinobwino, mwini wake anakatsegula kuti aikemo nyali, tizitsulo togwirira kapena penti watsopano, ndipo atakatseka kanayamba kudukiza, kugwa panjanji kapena kukaniratu. Ambiri amathamangira kunena kuti mota yapsa. Nthawi zambiri mota imakhala ilibe mlandu. Chomwe chavuta ndi chimene munagwira komaliza, ndipo fumbi, chinyezi cha kunyanja ndi kutentha kwa kuno zimangowonjezera pamenepo.

Ndalemba poganizira misinkhu iwiri: HO, womwe ndi 1:87 (kuchepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni) ndipo njanji zake zimatalikirana 16.5 mm, ndi N, wa 1:160 pa njanji za 9 mm. Timitu tambiri timatipeza kwa abale ochokera ku Joni kapena pa kaunjika, topanda bokosi, topanda pepala la malangizo. Kagiya kamodzi kakathyoka mutha kudikira miyezi kuti kena kafike. N'chifukwa chake m'munsimu ndikunenanso kwambiri za pomwe muyenera kulekera.

Musanamasule chilichonse

Mayeso atatu awa amakuuzani dera lomwe vuto lili:

- Vulani bodi, muyendetse felemu yokha panjanji. Ikayenda bwino, ndiye kuti bodi ikupana waya kapena ikukhudza china choyenda.
- Gonekani kamutu chagada pa nsalu yofewa, mugunditse batire la 9 V pa mawilo a mbali zonse ziwiri. Akazungulira mosalala, kafufuzeni ku njanji ndi ku kontirola. Ngati muli dekoda ya DCC, kabolodi kolandira malamulo a kontirola kudzera m'njanji, mayesowa amatheka pokhapokha dekodayo inaloledwa kuyendera magetsi wamba a DC.
- Kumbukirani chomwe munasintha komaliza, muyambire pomwepo.

Jambulani mawaya ndi foni musanachotse ngakhale mmodzi. Ndipo mukamakongoletsa, yesani kamutu panjanji mukangomaliza chinthu chimodzi, musanayambe china. Mukasintha zinthu zisanu n'kudzayesa pamapeto, simudziwa kuti chalakwa n'chiti.

Kakudukizadukiza, nyali zikuphethira

Ili ndiye vuto la tsiku ndi tsiku. Magetsi onse amalowa kudzera pa kamalo kochepetsetsa pomwe wilo lakhudza njanji, moti kanthu kakang'ono kakatchinga pamenepo mota imasowa chakudya. Pa N zimakula kwambiri chifukwa kamutu n'kopepuka.

1. Litsiro pa mawilo ndi panjanji. Pukutani njanji ndi kansalu koyera. Kakatuluka ndi mizere iwiri yakuda, mwalipeza. Nyowetsani kansaluko ndi isopropyl alcohol, yalani panjanji, ikani mawilo a kutsogolo pa nsalu, a kumbuyo akhale pa njanji yeniyeni. Gwirani kamutu mopepuka, tsegulani magetsi, mawilo adzipukute okha. Kenako katembenuzeni. Sipiriti wa m'sitolo amathandizanso, bola asadonthere pa penti. Musaiwale mawilo a mabogi, makamaka apulasitiki, chifukwa ndi amene amabwezera litsiro pa njanji yomwe mwangotsuka kumene.
2. Penti kapena vanishi wafika pa mawilo. Izi zimachitika mukapopera bodi ili pa felemu. Yang'anani pomwe wilo limaponda ndiponso kuseri kwake, mupale ndi kamtengo kotokosera m'mano.
3. Timikuwa totenga magetsi ku mawilo tapindika kapena takola zinyalala. Kankhirani wilo uku ndi uku: kamkuwa kasasiye kulikhudza. Ulusi, tsitsi ndi ukonde wa kangaude zimakulungika pa mtanda wa mawilo, kachitsulo kolumikiza mawilo awiri. Zisolowoleni ndi singano.
4. Mafuta achuluka. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala mafuta amasungunuka n'kuyenderera mpaka pa mawilo, fumbi n'kudzakakamira pomwepo. Pukutani onse, muyambirenso ndi kadontho ka kunsonga ya singano.
5. Zolumikizira njanji zakhwepa kapena zachita dzimbiri. Chizindikiro chake n'chakuti kamutu kamaima pa malo amodzimodzi nthawi zonse. Zifinyeni pang'ono ndi pulayala. Njanji zachitsulo sizichedwa kuchita dzimbiri kufupi ndi nyanja. Ngati mungasankhe, pezani za nickel silver. Yesani ndi maginito: zachitsulo zimakakamira.
6. Waya waduka mkati mwa khungu lake, pomwe amapindika kamutu kakamakhota. Kunja amaoneka wabwinobwino. Mugwedezeni magetsi ali otsegula, muone ngati mota ikudzuka n'kugonanso.
7. Timakala ta m'mota tatha kapena mipata ya kopa yomwe timakalato timakhudza yatsekeka ndi mwaye. Izi n'zosowa, ndipo muzifike pomaliza.

Zinthu ziwiri musayandikize ku njanji. Sandipepa amasiya timikwingwirima tomwe timasunga litsiro loposa lakale. Waya wotsukira mapoto ndiye woipiratu, chifukwa tizidutswa take timakokedwa ndi maginito a mota n'kukalowa m'kati momwe simungatichotse.

Kangokhala chete, kapena kontirola ikuzima mukangokaika panjanji

Siyanitsani kaye ziwirizi. Kontirola ikamazima, kulira kapena kuyatsa nyali yofiira, pali shoti. Ikakhala phee ngati palibe chachitika, magetsi aduka penapake.

Ngati ndi shoti:

1. Mwabwezera mawilo, kapena bokosi lonse la mawilo, chotembenuza. Pa timitu tambiri, pa mtanda uliwonse wilo limodzi lokha ndiye lotchingidwa ndi pulasitiki, ndipo otchingidwawo ayenera kukhala mbali yomwe anali. Yerekezani ndi chithunzi cha pafoni.
2. Kachitsulo komwe mwawonjezera, monga kapaipi ka mkuwa, tcheni kapena sikuluwu yaitali, kakhudza mbali ziwiri za felemu. Timitu tambiri ta N tili ndi felemu yogawika pakati, theka lililonse likunyamula magetsi a njanji yake, ndipo pakati pake pamakhala timapulasitiki tosiyanitsa. Kamodzi kakasowa, shoti ndi yomweyo.
3. Waya wosendeka wapanidwa ndi bodi.
4. Kamutu si ka njanji zanu. Timitu ta kampani ya Märklin ta HO tili ndi kachitsulo kotsetsereka pansi pamimba ndipo timayendera AC. Mawilo ake onse ndi olumikizana, choncho pa njanji ziwiri wamba timangopanga shoti.

Ngati kuli chete popanda shoti, yang'anani waya wothothoka pomwe anawotchereredwa, kenako kabolodi ka magetsi kosakhazikika bwino pa timikuwa take. Pa DCC onaninso nambala yomwe kontirola imaitanira kamutu. Dekoda yatsopano imabwera ndi nambala 3, ndipo madekoda ambiri amabwerera mwakale mukalemba 8 mu CV8 (ma CV ndi timalo tosungira malangizo m'dekoda), ngakhale makampani ena ali ndi njira zawo.

Za dekoda ndinenepo motsindika. Musanaiike, yezani ndi mita yoyezera magetsi kuti timiyendo tiwiri ta mota sitikulumikizana ndi felemu kapena mawilo. Waya wofiira amapita ku njanji ya kumanja, wakuda ku ya kumanzere, wa olenji ndi wotuwa ku mota. Wa olenji kapena wotuwa akangokhudza magetsi a njanji, dekoda imapsa nthawi yomweyo, ndipo fungo lake simuliiwala. Yesani koyamba pa njanji yopangira pulogalamu, yomwe magetsi ake ndi ofooka, bodi musanaveke.

Kakuchita phokoso lomwe kanalibe

Mverani mtundu wa phokosolo, chifukwa lililonse lili ndi kwawo.

Kugogoda kwa "tiki, tiki" kotsatana ndi kuzungulira kwa mawilo, kamutu n'kumatsimphina pang'ono, kawirikawiri ndi giya ya pa mtanda wa mawilo yomwe yang'aluka. Pulasitiki wake amafota akamakalamba, chitsulo chili mkati sichifota nawo, ndiye giya imang'ambika motsata mtanda. Chotsani mawilo, muwapotoze ndi zala mosemphana. Akazungulira mosavuta, giyayo yapita. Guluu sagwira pamenepo. Imafunika ina, ndipo poitanitsa itanitsani za mitanda yonse, popeza zinzakezo n'zamsinkhu umodzi. Koma musanagamule, unikani m'mano a magiya ndi tochi ya foni. Kamchenga kamodzi ka kunyanja, kapena kamwala ka m'mbali mwa njanji, kamalira chimodzimodzi.

Kukhuluza komwe kumabwera bodi ikavekedwa n'kutha mukaivula ndi waya, mtovu wowonjezera kulemera kapena galasi la zenera lomwe likukhudza flywheel (kachitsulo kolemera kozungulira limodzi ndi mota) kapena shafiti. Pomwe pakukhudzana pamaoneka kamzere kowala. Mangani mawaya ndi katepi pamwamba pa mota.

Kulira kosongoka ndi mabeyaling'i a mota ouma: kadontho kamodzi mbali iliyonse, osafika pa timakala. Kung'ung'udza kamutu kakuyenda mokoka ndi girisi wakale, yemwe amauma n'kukhala ngati chiponde chokhalitsa m'botolo. Kokololani yense, tsukani magiya ndi kabulashi ka mano ndi madzi a sopo, aume, kenako pakani watsopano pang'ono.

Mafuta ake akhale olembedwa kuti sawononga pulasitiki. Mafuta ophikira amachita ulimbo pakapita masabata. Oyilo wa galimoto ndi mafuta opopera omasulira mabawuti amatha kufewetsa kapena kung'alula pulasitiki. Kamutu kouma pang'ono kamapirira kuposa komwe kamwetsedwa mafuta olakwika.

Kakugwa panjanji pokhota kapena pamphambano

Kankhani kamutu ndi dzanja pang'onopang'ono pa malo omwe kamagwera, maso ali pa msinkhu wa njanji. Mudzaona wilo loyamba kukwera.

1. Zomwe mwawonjezera zikutchinga bokosi la mawilo kuti lisakhote. Timapaipi ta mpweya, masitepe, timapaipi ta mchenga, ngakhale thanki ya mafuta yomwe mwaisuntha pang'ono. Kagonekeni chagada, khotetsani bokosi lililonse mpaka kumapeto, mulipendeketsenso. Pomwe pagunda, palani kuseri komwe sikuoneka.
2. Mawaya opita ku mawilo ndi aafupi kapena olimba. Waya wa m'nyumba kapena wa wailesi ndi wonenepa kwambiri pa ntchito iyi. Timawaya ta m'chingwe cha mausi ya kompyuta yakufa n'tofewa bwino.
3. Mpata wa pakati pa mawilo wasintha. Kuchokera kuseri kwa wilo ili kufika kuseri kwa linzake payenera kukhala pafupifupi 14.5 mm pa HO ndi 7.65 mm pa N. Kusiyana kwa theka la milimita n'kokwanira kugwetsa kamutu pamphambano.
4. Kachitsulo kolendewera pansi pa chokolera mabogi katsika n'kumakola njanji.
5. Kona yathina. Pa HO, kamutu ka mitanda inayi kamadutsa pa kona ya 457 mm, koma ka mitanda isanu ndi umodzi kamafuna 559 mm kapena kuposa, makamaka mukamangirira chokolera ku bodi m'malo mwa ku bokosi la mawilo.
6. Njanji zapindika ndi kutentha. Chitsulo chimafutukuka, ndipo m'nyumba ya malata masana a Okutobala njanji zokhomedwa mothinana zimasowa kolowera n'kukhota. Siyani kampata kolowa kapepala kolimba pa mfundo zina. Thabwa nalo limafufuma m'dzinja. Lipakeni penti mbali zonse, ndipo muziliyendera chifukwa cha chiswe.
7. Milomo ya mawilo, yomwe imaletsa wilo kuchoka panjanji, ndi yaitali. Timitu takale, monga ta kampani ya Lima, timagunda pansi pa njanji zamakono zazifupi msinkhu. Timafuna njanji zazitali msinkhu, zotchedwa code 100.

Kakusiya mabogi m'mbuyo

Pafupifupi nthawi zonse ndi zokolera zosiyana msinkhu. Gunditsani kamutu ndi bogi pamalo osalala, muyang'ane cham'mbali. Pa zokolera za kampani ya Kadee za HO, pakati pa mutu wa chokolera pamakhala pafupifupi 9.9 mm kuchokera pamwamba pa njanji, ndipo kachitsulo kolendewera kamasiya mpata wa 0.8 mm. Chikawerama, ikani kapepala ka pulasitiki pansi pake m'bokosi mwake. Chikakhala kuti sichikubwerera pakati, mwamangitsa sikuluwu kapena penti walowamo. Musathiremo mafuta, palani nsonga ya pensulo, ufa wakewo ndiye woteretsa. Onaninso kasipuling'i ka pambali, kamakonda kudumpha.

Kakuterereka, kapena mota ikutentha mutawonjezera kulemera

Kakamaterereka, choyamba ndi mafuta pa mawilo kapena panjanji, chachiwiri ndi timalabala ta pa mawilo tomwe tafutukuka kapena tauma ndi kutentha, chachitatu ndi mabogi omwe mawilo ake sakuzungulira. Yesani bogi lililonse palokha musanaimbe mlandu kamutu.

Kuwonjezera kulemera kumathandiza, koma kuli ndi malire. Gwirani chokolera cha kumbuyo, mutsegule magetsi: mawilo ayenera kuterereka panjanji. Akangoima nji mota ikung'ung'udza, mwalemetsa kwambiri, ndipo tsiku lina mota idzapsa. Chotsaniko. Kulemerako kukhale pakati, osati mbali imodzi.

Mtovu wa m'maukonde kapena wobalansira matayala a galimoto ndi wosavuta kupeza, koma ndi poizoni. Musaupale ndi fayilo m'nyumba, musausungunule pa mbaula yophikira, ana asauseweretse, ndipo sambani m'manja mukatha. Musaumatenso ndi guluu woyera wa matabwa m'malo otsekeka, chifukwa pakapita nthawi umafufuma n'kung'amba bodi. Tepi womata mbali ziwiri kapena epoxy ndi bwino.

Nyali sizikuyaka, kapena zikuchita zachilendo

1. LED yalumikizidwa chotembenuza. Pa dekoda, waya wabuluu ndiye wa pozitivu ndipo amapita ku mwendo wautali. Woyera ndi wa nyali ya kutsogolo, wachikasu ya kumbuyo.
2. Palibe resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku LED. LED yotere imangothwanima kamodzi n'kufa. Yambani ndi ya 1,000 ohm. Ikawala mopyoza, onjezerani.
3. Nyali ikuyaka ndi kuzima mukamasintha liwiro. Dekoda ndi kontirola sizikugwirizana pa masitepe a liwiro, china chili pa 14 china pa 28. Kulemba 6 mu CV29 kumakonza izi pa kamutu ka nambala yaifupi ngati 3, komanso kumalola DC.
4. Kamutu kakubwerera m'mbuyo nyali ya kutsogolo ikuyaka. Mawaya a mota asemphana, asinthanitseni.
5. Bodi yonse ikuwala usiku. Pakani penti wakuda m'kati mozungulira LED.

Ngati muli mababu akale a galasi, achotseni mukamaika DCC. Njanji ya DCC imakhala ndi mphamvu yonse nthawi zonse, babu limatentha osapuma, ndipo denga la chipinda cha dalaivala limabonyoka.

Magalasi achita mbuu, tizitsulo tikugwa

Utsi woyera pa mazenera ndi ntchito ya supagulu. Akamauma amatulutsa mpweya womwe umakakhala pa pulasitiki woonekera ndi paliponse pomwe chala chathukuta chinagwira, ndipo chinyezi chimakulitsa zimenezi. Magalasi amateni ndi guluu woyera, yemwe amauma moonekera. Pogwiritsa ntchito supagulu kwina, donthezani pa kapepala, mutape ndi nsonga ya waya, ndipo bodi muisiye poyera usiku wonse musanaitsekere m'bokosi. Utsi wochepa umabisika ndi vanishi wowala wa acrylic. Mankhwala ochotsera penti wa m'zala musawayese, amasungunula pulasitiki.

Tizogwirira tomwe timangomatidwa pamwamba sitikhalitsa. Timafuna bowo. Bayani kaye kadontho ndi singano, mubowole ndi kobowolera ka 0.3 kapena 0.4 mm kozungulitsa ndi zala, osati makina. Tizobowolera timeneti timathyoka mukangopendeka, choncho tulutsani kansonga kochepa chabe. Lowetsani waya wa mkuwa wa 0.3 mm, ikani kapepala kolimba pansi pake kuti tonse titalike mofanana, mudontheze guluu cham'kati mwa bodi.

Zogwirira za m'mbali zomwe zimabwera ndi kamutu zambiri n'za pulasitiki woterera wotchedwa acetal. Sagwira guluu, sagwira penti. Zikamatuluka m'mabowo, finyani kamwendo kake pang'ono ndi pulayala kuti kathine. Penti akamasendeka, zitsukeni ndi sopo, mupake pulaimala wa pulasitiki wa mabampala a galimoto mopyapyala, ndipo muzinyamula kamutu pogwira thanki ya mafuta.

Penti sanatuluke bwino

Apa ndi pomwe nyengo ya kuno imalowerera kwambiri, ndipo ndi pomwe anthu amataya mtima msanga.

Penti wokhakhala, wamchengamchenga, ndi amene wauma m'malere asanafike pa bodi. Zimachitika mukapopera masana dzuwa lili pamutu kapena mutatalikira kwambiri. Poperani m'mawa kukadali kozizira, pa mtunda wa 20 cm kapena kuyandikirako pang'ono, mopyapyala kangapo.

Penti kapena vanishi woyezuka, wochita mbuu, ndi chinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi izi n'zosapeweka mukapopera kutangogwa mvula. Dikirani tsiku louma. Nthawi zina vanishi wowala wopyapyala pamwamba amabwezeretsa mtundu.

Fumbi ndi tizilombo m'penti: miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, mphepo imalowetsa fumbi ngakhale zenera lili lotseka. Wazani madzi pansi musanayambe, ndipo mukangomaliza vindikirani bodi ndi beseni loyera lotsamiritsidwa pa timitengo kuti mpweya uzilowa. Usiku musapente pansi pa nyali. Tizilombo ta kunyanja timatera pa penti wamuwisi n'kusiya timiyendo take momwemo.

Penti wosagwira, wosendeka ndi tepi: bodi inali ndi mafuta a m'manja. Itsukeni ndi sopo wa mbale, iume yokha, musaigwirenso ndi manja. Tepi muyambe mwamumata pa nsalu kamodzi kuti mphamvu ichepe.

Penti wokhwinyata, pulasitiki atachita minyololo pansi pake: apa imani. Ndi penti wa galimoto kapena thina wamphamvu amene wadya bodi. Musawonjezere wina, musapukute. Siyani aume kwa sabata, kenako muone ngati sandipepa wosalala kwambiri wa m'madzi angapulumutse malo athyathyathya. Timizere ta zitseko ndi ta mazenera a mpweya tikasungunuka sitibwerera. Penti aliyense wachilendo muyambe mwamuyesa m'kati mwa bodi. Pochotsa penti wakale, isopropyl alcohol wa 90% kapena kuposa ndi wofatsa pa mabodi ambiri. Buleki fuluwidi amachotsadi, koma mapulasitiki ena amawasiya ofumbutuka.

Poumitsa musayanike padzuwa kapena pa malata. Bodi imapindika ndipo sikhalanso pa felemu.

Manambala akunyezimira, litsiro lopangira silikuoneka lenileni

Masitika a m'madzi akamaoneka asiliva m'mbali, pansi pake pali mpweya. Amafuna pamalo owala, osalala. Ndondomeko yake ndi vanishi wowala, sitika, vanishi wowala kachiwiri, kenako wosawala. Yomwe yanyezimira kale ibayeni timabowo ndi singano, mudontheze mankhwala ofewetsa masitika, muisiye osaikhudza ngakhale ikhwinyate, imadziwongola ikamauma.

Ufa wa choko cha mitundu umazimirira mukapopera vanishi pamwamba. Ndi mmene zimakhalira. Pakani pa penti wosawala, poperani mopyapyala, mubwereze mpaka mufike pomwe mukufuna.

Koma vuto lalikulu pa kudetsa kamutu n'kupaka za m'mutu. Mangochi ilibe njanji, komabe Liwonde si kutali. Njanji ya pamenepo, yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970, ndipo lero sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala zimadutsa pomwepo kuwoloka Shire. Kaimeni patali ndi njanji, muyang'anitsitse mutu weniweni. Mwaye umakhala padenga mozungulira potulukira utsi. Fumbi limakwera kuchokera pansi, lochuluka pa mabokosi a mawilo n'kumachepa mukamakwera m'mbali. Pothirira dizilo pamakhala mzere wakuda wonyowa wotsetserekera pansi pa thanki. Mazenera olowera mpweya amada kuposa zitseko zoyandikana nawo, ndipo pomwe anthu amaponda ndi kugwira penti amaperepeseka. Ine ndimaona kuti kamutu kodetsedwa pa malo okhawa kamaposa komwe kamwazidwa bulauni thupi lonse.

Mudzaonanso kuti njanji zathu n'zopapatiza. Zimatalikirana 1,067 mm, zomwe pa 1:87 zimakhala pafupifupi 12 mm, osati 16.5 mm. Ena amafinya mawilo kuti afanane ndi zimenezi. N'zokongola, koma zimafuna kudula mitanda ndi kuchepetsa bokosi la magiya, ndipo si ntchito yoyambira pa kamutu komwe muli nako kamodzi kokha.

Pomwe muyenera kuima n'kuitana wodziwa

Chilichonse cha mbali ya magetsi a pakhoma musachitsegule nokha. Kuno ndi 230 V.

- Tiransifoma ikununkha, ikutentha moti simungaigwire, ikukugwirani shoko, kapena chingwe chake chasendeka: zulani, mupite nayo kwa katswiri wa zamagetsi.
- Werengani kachikwangwani ka pa tiransifoma musanailumikize. Za ku America zambiri n'za 110 mpaka 120 V ndipo zimapsa pa soketi yathu. Za ku South Africa mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, chosiyana ndi pulagi yokha. Sinthitsani pulagiyo, musamasomeke mawaya m'soketi.
- Magetsi akazima, zulani kontirola, mudzailumikize atabwera n'kukhazikika. Pa sola, inveta zina zotchipa zimachititsa tiransifoma kung'ung'udza ndi kutentha, ikatero, lekani.
- Batire la galimoto musalilumikize ku njanji popanda fyuzi. Shoti yake imasungunula mawaya ndipo itha kuyatsa thabwa. Wodziwa akuikireni fyuzi, kapena babu la galimoto la 21 W pa waya mmodzi wopita ku njanji.

Pa kamutu penipeni, imani mukaona izi:

- Utsi kapena fungo la kupsa. Chotsani panjanji msanga, musayesenso "kamodzi kokha".
- Felemu yachitsulo yachita ming'alu, yafufuma kapena ikufumbutuka. Ndi matenda a chitsulo cha zinki chosasakanizidwa bwino, ndipo chinyezi chimawafulumizitsa. Alibe mankhwala. Vulani bodi isanang'ambidwe, musunge mota ndi mawilo.
- Giya kapena flywheel yofunika kuzulidwa pa shafiti ya mota. Popanda chozulira chake shafiti imapindika.
- Sikuluwu yakana, mutu wake wayamba kudyeka.
- Kuwotcherera pa dekoda, pa kabolodi ka N, kapena pa LED zing'onozing'ono zopanda miyendo.

Pa zowotcherera zazing'onozi, okonza mafoni a pamsika ali ndi zida zoyenera komanso dzanja lozolowera tinthu tochepa kuposa apa. Pa masikuluwu, timasipuling'i ndi magiya, wokonza mawotchi ndiye woyenera. Ambiri mwa iwo kamutu ka sitima sanakatsegulepo, choncho musangowasiyira. Vulani bodi nokha kunyumba, muisiye komweko kuti isakhudzidwe ndi chitsulo chamoto. Tengani felemu, kachidutswa ka njanji, batire la 9 V, chithunzi cha mawaya ndi pepala lomwe mwalembapo kuti waya wa mtundu uti apita pati. Apempheni kuti asagwiritse ntchito makina a mpweya wotentha pafupi ndi magiya, ndipo ayeze ndi mita kuti palibe shoti musanalumikize magetsi.